Kompyuta Ikauma, Musathamangire Kuifomata

Nkhani yathu ya lero ikupita makamaka kwa achinyamata amene amapeza ndalama ya ndiwo pogwiritsa ntchito kompyuta m'misika ya m'maboma athu. Titenge chitsanzo cha pa Chinakanaka m'boma la Mulanje. Pa msika wotere, mwini kashopu amabenera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, amalemba makalata ofunsira ntchito, ndipo ena amalumikiza zithunzi za ukwati kapena chinkhoswe kuti zikhale filimu imodzi. Chuma chonse cha munthu wotereyu chili m'bokosi limodzi, ndipo kawirikawiri bokosilo ndi kompyuta yakale imene inagwirapo kale ntchito mu ofesi ina isanafike m'manja mwake.

Tsono pali vuto lina limene limasowetsa mtendere anthu amenewa. Munthu ali pakati pa ntchito, chithunzi cha pa sikirini chimangouma gwa, kamuvi osasuntha, ngakhale adine batani lililonse. Achinyamata amati kompyuta yajama. Malangizo amene anzake amafulumira kumupatsa ndi akuti aifomate, ndiko kuti afufute zonse ndi kuikamo Windows mwatsopano. Malangizo amenewa ine sindigwirizana nawo. Kufomata mosasamala kumachotsa nyimbo zimene munthu wasonkhanitsa kwa zaka zambiri, ndiponso filimu ya ukwati wa eni ake amene analipira kale, ukwati umene sudzachitikanso kachiwiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngati gwero la vutolo ndi khadi la zithunzi, kompyutayo idzaumanso mawa lake lomwe.

Kodi khadi la zithunzi n'chiyani? Amisiri amalitcha graphics card. Ndi kachipangizo kamene kamalowetsedwa pa bodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, ndipo ntchito yake ndi kujambula chilichonse chimene maso anu akuona pa sikirini. Makhadi ambiri amene mungawapeze ndi a makampani awiri, Nvidia ndi AMD. Mukaona lina lolembedwa kuti ATI, dziwani kuti ndi lachikale ndithu, pakuti kampani ya ATI inagulidwa ndi AMD m'chaka cha 2006. Pamene mukulemba kalata, khadili limakhala ngati likupuma, koma mukayamba kuonetsa filimu, kulumikiza zithunzi kapena kusewera masewero a mpira, limasenza katundu wolemera ndipo limatentha kwambiri.

Apa ndiye poyambira kufufuza. Dzifunseni kuti, kodi kompyutayi imauma nthawi yanji? Ngati imalemba makalata bwinobwino tsiku lonse koma n'kuuma mukangoyamba za mafilimu, khadi la zithunzi ndilo loyamba kulikayikira. Ikauma, tcherani khutu. Ngati nyimbo ikupitirira kumveka, ndipo mukadina batani la Caps Lock kanyali kake kakuyaka ndi kuzima, ndiye kuti kompyutayo ili moyo, chimene chaima ndi chithunzi chokha. Pa Windows 10 ndi 11 mungathe kudina pamodzi mabatani anayi, la Windows, la Ctrl, la Shift ndi la B. Mukatero sikirini imaphethira, ndipo nthawi zina chithunzi chimabwerera ntchito yanu isanatayike. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika m'masitolo m'chaka cha 2007, kompyuta imadikira khadi kwa masekondi awiri okha, ndipo likapanda kuyankha imayesa kulidzutsa yokha. N'chifukwa chake nthawi zina mumaona sikirini ikuda pang'ono kenaka n'kubwerera ndi uthenga wa m'Chingerezi wonena za driver. Chimenecho ndi chizindikiro chodalirika. China ndi mizere, timadontho tamitundumitundu kapena timabokosi tooneka pa chithunzi chisanaume.

Mdani wamkulu wa khadi la zithunzi kuno kwathu ndi kutentha, ndipo bwenzi lake la kutenthako ndi fumbi. Taganizirani kashopu ka malata m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, chitseko chili chotsekula kuyang'ana ku msewu, galimoto ndi njinga zamoto zikudutsa, pafupi pomwepo wina akukazinga tchipisi pa chiwaya. Kafani ka pa khadi kamakoka mpweya wonsewo. Utsi wa mafuta umamata pa tizitsulo toziziritsa, fumbi n'kukakamira pamenepo, mpaka pamapangika chinthu chonga bulangete. Ikafika nyengo ya chiperoni, chinyezi cha ku Mulanje chimasandutsa fumbilo kukhala ngati dothi loumbira. Onjezeranipo mphemvu ndi akangaude amene amakonda malo ofunda. Khadi lotere likamagwira ntchito, kutentha kwake kumapitirira madigiri 90, ndipo likafika pamenepo limayamba kuchedwa, kenaka limaima. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa GPU-Z imene imaonetsa kutenthaku m'manambala, kotero kuti simufunika kungoganizira.

Mankhwala ake safuna ndalama. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi ku khoma, tsekulani chivundikiro cha m'mbali, ndipo musanagwire kalikonse khudzani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu asawononge tizipangizo. Tengani burashi youma yofewa ndi pampu ya njinga. Popopa, gwirani kafani ndi chala kuti kasazungulire mopitirira muyeso. Madzi asayandikire ngakhale pang'ono. Mukatha, yatsani kompyuta chivundikiro chili chotsekula ndi kuyamba filimu, muone ngati kafaniko kakuzungulira. Makhadi ena atsopano amaimitsa kafani dala pamene palibe ntchito yolemera, choncho muweruze filimu ili m'kati. Kafani kamene kakulira ngati chigayo kapena kongogwedezeka kafunika kusintha, ndipo mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa khadi lonse. Bokosilo lichokenso pansi, likhale pa tebulo, kumbuyo kwake kusagundane ndi khoma.

Pakati pa mtima wa khadi ndi chitsulo choziziritsa pamakhala phala lotuwa limene amalitcha thermal paste. Pakapita zaka limauma n'kukhala ngati choko, ndipo kutentha sikudutsanso bwino. Mmisiri wodziwa amalipukuta ndi sipiriti n'kupakapo latsopano, kadontho kochepa chabe. Ena amapakapo mankhwala otsukira mano. Musalole zimenezo, chifukwa amauma m'masiku ochepa ndipo vuto limabwerera.

Tsopano tinene za magetsi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Munthu amagula kakompyuta ka mu ofesi, kenaka n'kupita ku Limbe kukagula khadi lalikulu kuti mafilimu aziyenda msanga. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pamalo pamene khadi limalowa pamapereka mphamvu yosapitirira mawati 75, ndipo makhadi aakulu amafuna chingwe chapadera chowonjezera mawati 75 kapena 150. Koma bokosi logawa magetsi m'kati mwa timakompyuta tambiri ta mu ofesi, limene amalitcha power supply, mphamvu yake yonse siifika ngakhale mawati 300. Khadi likafuna kukoka mphamvu, bokosilo limalephera, ndipo kompyuta imauma kapena kuzima yokha. Nambala ya mawati imalembedwa pa chipepala chomata pa bokosilo, muiwerenge musanagule khadi. Koma bokosi limeneli musalitsekule, pakuti limasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa.

Magetsi ochokera kunja nawonso ali ndi mbali yake. Mukukumbuka kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka m'chaka cha 2023. Pa nthawi ngati imeneyo eni mashopu amathawira ku timajenereta ndi mabatire a sola. Kompyuta imafuna magetsi okhazikika a mavoti 230, pamene a kajenereta kakang'ono amakwera ndi kutsika, makamaka ngati pa chingwe chomwecho pali wometa tsitsi ndi wina wa firiji. Ngati kompyuta yanu imauma pa jenereta pokha, khadi lilibe mlandu.

Za driver tinene mwachidule. Imeneyi ndi pulogalamu imene imamasulira pakati pa Windows ndi khadi. Ngati vuto linayamba tsiku limene munaika pulogalamu yatsopano, yatsani kompyuta mu Safe Mode, chotsani driver imene ilimo, ndipo muike yogwirizana ndi dzina ndi nambala ya khadi lanu, yotengedwa kwa kampani imene inalipanga. Makhadi akale amayenda bwino ndi driver ya nthawi yawo.

Zonsezi zikakanika, patsala mayeso amodzi amene amathetsa mkangano. Choyamba koperani ntchito za makasitomala pa fulashi kapena pa hard disk ina. Kenaka zulani khadilo, pukutani timano take tagolide ndi labala yofufutira pensulo, ndi kulibwezera molimba, pakuti kugwedezeka kwa pa minibasi kapena pa kabaza kumalimasula. Likaumabe, lichotseni ndithu, ndipo chingwe cha sikirini muchilowetse pa bowo la pa bodi lalikulu. Makompyuta ambiri a mu ofesi okhala ndi Intel Core i3 kapena i5 amatha kuonetsa zithunzi popanda khadi lapadera. Gwirani ntchito masiku awiri motero. Ikapanda kuuma, wolakwa mwamupeza, ndipo shopu ikhoza kupitirira kubena nyimbo ndi kulemba makalata pamene mukusonkhanitsa ndalama. Ikaumabe, bwezerani khadi lanu ndipo mukayikire RAM kapena hard disk.

Amisiri ena, akapeza kuti khadi lafa, amaliwotcha ndi mpweya wamoto, ndipo limadzuka. Mchitidwe umenewu unafala kuyambira m'chaka cha 2008, pamene kampani ya Nvidia inavomera kuti tizipangizo take tina ta m'malaputopu tinali ndi vuto la polumikizira, n'kupatula ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni zokonzera. Kuwotchako kumathandiza kwa masabata kapena miyezi yowerengeka basi. Kuipa kwake n'kwakuti khadi lowotchedwa limatha kugulitsidwa ngati labwino. Choncho pogula khadi logwiritsidwa kale ntchito, yang'anani ngati bodi lake lasintha mtundu ngati lopserera, ngati timigolo take tating'onoting'ono tatupa pamwamba, ndiponso ngati zomangira zake zaonongeka mitu chifukwa chomasulidwa kawirikawiri. Pemphani wogulitsa aliike pa kompyuta yake, ayambe filimu kapena masewero olemera, ndipo mukhale pomwepo theka la ola mukuyang'ana nambala ya kutentha. Akakana, tengani ndalama zanu mupite pa shopu ina.