Woyimba Akalankhula Zandale, Kodi Timlande Ntchito?

(Mawu amene mnzathu wogwira ntchito m'boma analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)

Komiti inandipempha kuti ndilankhule pa funso lakuti: kodi woyimba kapena wazisudzo akalankhula zandale zimene ena sakondwa nazo, ayenera kulandidwa ntchito? Inu mukudziŵa kuti ife ogwira ntchito m'boma sitiloledwa kuchita ndale za chipani. Choncho sindiima ndi chipani chilichonse. Ndingokamba zimene tonse tinaziwona kwathu konkuno.

Funsoli si lachilendo kwa ana a ku Machinga ndi ku Balaka. Mukumbuke kuti mpaka mu 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga, ndiye ndife a mudzi umodzi. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992 inasindikizidwa ku Balaka, ku makina a ansembe a Montfort, ndipo posakhalitsa nyumba ya makinawo inatenthedwa. Ku Balaka komweko ndi kumene kunali Alleluya Band ya a Paul Banda, imene inalera mng'ono wawo Lucius. Chimbale cha Lucius cha Son of a Poor Man chitatuluka, ife tinali anyamata, ndipo tinkabwerekana kaseti imodzi mpaka tepi kuduka. Nyimbo ya Mabala inkanena poyera zimene makolo athu ankanong'ona.

Chifukwa chake ankanong'ona tikuchidziŵa. Kuyambira mu 1968 kunali lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, nyimbo, mafilimu ndi zisudzo. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Titavota pa 14 Juni 1993 kuti tikufuna zipani zambiri, tinkaganiza kuti zoterezi zatha, makamaka poti gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi.

Koma sizinathe. Mu Novembala 2001, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, amene ndi mwana wa ku Machinga, woyimba Evison Matafale anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma, ndipo anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Mu ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, wailesi ya MBC inasiya kuulutsa nyimbo za Lucius Banda, kuphatikizapo chimbale chake cha 15-15 cha mu 2010. Ndatchula maboma atatu mwadala, kuti pasakhale wina woganiza kuti matendaŵa ndi a chipani chimodzi.

Tsono tisabise mbali inayo. Ena amati Lucius anadzichititsa yekha, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Iye anaimbira chipani cha UDF nyimbo ya Yellow, anakhala phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, ndipo anali patsogolo pa nkhani yokonza njira zochotsera mtsogoleri wa dziko pa mpando. Iwo amati munthu ukaloŵa m'bwalo la ndale usadandaule fumbi. Ndikuvomera kuti womvera ali ndi ufulu wake. Amene anakhumudwa naye anali ndi ufulu wosiya kugula zimbale zake ndiponso wosapita ku madansi ake. Mwini holo angathe kusankha bandi imene afuna. Woyimba akasankha mbali ayenera kudziŵa kuti ena am'thaŵa, ndipo palibe lamulo lokakamiza munthu kuvina nyimbo imene saikonda.

Koma wailesi ya boma si holo ya munthu. Imayenda ndi msonkho wa tonse, wa mayi wogulitsa nsomba pa Liwonde ndi wa mnyamata wa kabaza pa Balaka, kaya amavotera yani. Kuletsa nyimbo pa wailesi yotereyi n'kugwiritsa ntchito ndalama za anthu onse polanga munthu mmodzi. Ndiponso chilangocho ndi cha m'thumba. Nyimbo ikaulutsidwa, woyimba amayenera kulandira kangachepe kudzera ku bungwe la COSOMA, ndipo anthu akamaimva amagula chimbale ndi kupita ku dansi. Kumbuyo kwa woyimba mmodzi kuli woimba ng'oma, wa gitala, ovina, woyendetsa galimoto ndi onyamula zokuzira mawu, amene sananene kanthu kalikonse.

Tayerekezani zinthu ziŵiri zimene zinam'chitikira munthu yemweyu. Mu 2006 Lucius anazengedwa mlandu wokhudza setifiketi ya sukulu, anaupezeka nawo, anataya mpando wake wa uphungu ndi kupita ku ndende ya Zomba. Anachita apilo ndipo anatuluka patapita miyezi yochepa. Kaya munthu anauwona bwanji mlanduwo, unali ndi woweruza, umboni ndi khomo la apilo. Nanga kuletsedwa pa wailesi? Pamenepo woyimba saitanidwa kuti adziteteze, sauzidwa kuti chilango chitha liti, ndipo alibe kokadandaula. Amangowona kuti nyimbo zake sizikumvekanso.

Sindikunena kuti woyimba anene chilichonse chimene afuna. Ku Rwanda kunali woyimba wotchuka, Simon Bikindi, amene khoti la ku Arusha linam'lamula mu 2008 kukhala m'ndende zaka 15 chifukwa cholimbikitsa anthu kupha anzawo mu 1994. Wolimbikitsa kuphana kapena kudana kwa mitundu ayenera kulangidwa. Koma onani kuti anam'langa ndi khoti, litamva umboni. Kudzudzula mtengo wa feteleza kapena kusoŵa kwa mankhwala m'zipatala si mlandu wa mtundu umenewo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandichititsa kuvomera kulankhula lero. Zaka zingapo zapitazo ndinali mlembi wa komiti yokonza mwambo wina wa boma. Tinapangana ndi bandi ya anyamata a kwathu konkuno kuti idzasangalatse anthu. Kutatsala masiku aŵiri, mkulu wina anandiimbira lamya kuti ndiichotse pa pulogalamu, chifukwa mtsogoleri wake analankhula zosayenera pa wailesi ina. Sindinafunse kuti ananena chiyani. Sindinapemphe kalata. Ndinatenga cholembera n'kufufuta dzina lawo. Tsiku lotsatira woimba ng'oma wawo anabwera ku ofesi, chipewa chili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Bwana, lole tinalipira kale. Ife talakwanji?" Ndinamuuza kuti nthaŵi yachepa pa pulogalamu. Linali bodza, ndipo iye anadziŵa kuti linali bodza.

Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti mtsogoleri wa dziko si amene amapita kukachotsa chimbale pa shelefu. Amachotsa ndi munthu ngati ine ndi inu, wophunzira bwino, woopa kusamutsidwa kapena kuphonya kukwezedwa. Nthaŵi zina palibe ndi wolamula yemwe, timangoganizira zimene bwana angakonde. M'chipinda muno muli ogwira ntchito m'maofesi a boma, m'makhonsolo, pa mawailesi, m'mabanki ndi m'makampani amene amathandiza zamasangalalo. Tsiku lina lamya ngati ija idzalira pa tebulo panu.

Ndiye ndikupempha zinthu ziŵiri. Choyamba, wina akakuuzani kuti muchotse woyimba chifukwa cha zimene ananena, m'pempheni mwaulemu kuti alembe kalata ndi kutchula lamulo limene laswedwa. Ndi momwe ntchito ya boma iyenera kuyendera, ndipo si mwano. Chachiŵiri, komiti yathu ikamasankha bandi ya phwando la chaka chino, ifunse ngati imaimba bwino ndi mtengo wake, osati mtundu wa nsalu imene mtsogoleri wake anavala pa kampeni.

Lucius Banda anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ali mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa nkhani za achinyamata ndi luso. Pamene ankaikidwa m'manda ku Balaka, andale a zipani zosiyanasiyana anabwera kudzam'lira, ndipo mawailesi ankaulutsa nyimbo zake usana ndi usiku. Mipando imasinthana, amayi ndi abambo. Wolamula lero, mawa adzafuna woyimba womunenera. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

A Pampando, ndalankhula motalika, ndipo ndikumva kuti nsima yapsa.