MMENE MADZI AMASEMERA MAKWERERO M'THANTHWE

Kumadzulo kwa Kasama, ulendo wa makilomita oposa 30, mtsinje wa Luombe umatsika katatu. Kumtunda kuli mathithi a Mutumuna, pakati pali mkokomo wa Kayela, ndipo kumunsi ndiko kuli Chishimba weniweni, malo amene Abemba amawalemekeza kuyambira kale. Mlendo poona malowa amazizwa, nafunsa kuti: Kodi anasema makwerero otere ndani? Mmisiri wace ndi madzi.

Miyala ya pansi pa mtsinje siilingana kulimba. M'malo ambiri inayalana ngati mphasa zosanjikiza, wina wolimba, wina wofewa. Madzi okha sangathe kudya mwala msanga, koma amanyamula mcenga ndi nsangalabwi, ndipo izi ndizo zimapala mwala usana ndi usiku. Wofewa umatha msanga, wolimba nutsala. Pamenepo madzi amayamba kugwa.

Pogwa amakumba dziwe patsinde, nafukula mwala wofewa uli kunsi kwa thanthwe, kufikira thanthwelo litalenjekeka ngati khonde lopanda mzati. Tsiku lina limathyoka, ndipo mathithi amabwerera m'mbuyo pang'ono. Cifukwa cace munthu wanzeru saima pamlomo peni peni pa mathithi. Tsono madzi akapeza mwala wina wolimba kunsi, amayenda pamwamba pace kufikira polekezera, nagwanso kaciwiri. Umo ndimo makwerero amabadwira.

Nao mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anafikako m'caka ca 1855, amacitira umboni nchito yomweyi, ngakhale kuti kumeneko Zambezi amagwa kamodzi kokha, mamita 108 pamene pali potalika koposa. Mtsinjewo unatsata ming'alu ya m'mwala, ndipo zigwa zakuya zokhotakhota zimene zili kumunsi ndizo malo amene mathithi anali kale.

Nchito yonseyi imatenga zaka zikwi zambiri, pakuti mwala ngwouma mutu. Koma nthaka siitero. Madzi omwewo amene amalimbana ndi thanthwe mibadwo yosawerengeka angathe kukokolola munda dzinja limodzi lokha. Mlimi amene adula mitengo m'mbali mwa mtsinje, nalima mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri, waitana mmisiri uja kuti adzaseme m'munda mwace. Makwerero a m'thanthwe amakondweretsa maso, koma ngalande za m'munda zimabala njala.