MISEU YA MTHUNZI MU MZINDA WA MEDELLÍN

Munthu wocokera kumudzi akafika m'tauni mwezi wa October, cinthu cimene cimsautsa msanga ndico kutentha. Dzuwa ndi lomwelo limene analisiya kwao, koma thukuta lake ndi lina. Kumudzi dzuwa likapendeka kamphepo kayamba kuomba, ndipo pofika nthawi ya nsima ya madzulo thupi lapeza mpumulo. M'tauni mdima ugwa, koma zipupa ndi miseu zikali kupuma moto monga ng'anjo ya njerwa imene aizima dzulo lomwe.

Izi zinadziwika kale. Mngelezi wina dzina lake Luke Howard anayesa kwa zaka zambiri kutentha kwa m'kati mwa London ndi kwa m'midzi yozungulira, ndipo m'buku lake limene linayamba kutuluka m'caka ca 1818 anaonetsa kuti mzinda ndi wofunda koposa minda yoyandikana nao, makamaka usiku. Cifukwa cake ncosabvuta kumva. Phula ndi lakuda, ndipo cinthu cakuda cimeza dzuwa. Simenti, njerwa ndi malata zisunga kutentha usana wonse ndi kukutulutsa pang'ono-pang'ono usiku. Mvula ikagwa pa mseu wa phula madzi athamangira m'ngalande osalowa m'nthaka, motero dzuwa likatulukanso palibe cinyontho coziziritsa mpweya. Kuonjeza pa izi pali utsi ndi moto wa magalimoto.

Mtengo ulimbana ndi bvuto ili m'njira ziwiri. Njira yoyamba aidziwa ndi mwana yemwe: masamba achinga dzuwa kuti lisafike pansi, ndipo phula la pa mthunzi silipsa monga la pa mtetete. Njira yaciwiri ndi yobisika. Mizu ikoka madzi m'nthaka, madziwo akwera ndi thunthu kufika ku masamba, ndipo masamba awatulutsa monga nthunzi. Mai ali yense amene asunga madzi akumwa mu mtsuko wadothi adziwa kuti madzi a mu mtsuko ndi ozizira koposa a m'cidebe, pakuti mtsuko ucita thukuta, ndipo thukutalo pouma licotsa kutentha. Mtengo waukulu ndiwo mtsuko wotere, koma wotha kutulutsa malita mazana angapo pa tsiku limodzi la dzuwa.

Nzeru iyi ndi yakale. Cimene cicepa ndico mzinda wolimba mtima kuphwanya simenti imene unaigula ndi ndalama zake, ndi kubwezera dothi m'malo mwake. Mzinda umodzi umene unacita zimenezi ndiwo Medellín, m'dziko la Colombia ku South America. Eni ake pochula dzinali amveka ngati alikunena kuti "Medejin".

Medellín ndi mzinda waciwiri pa ukulu m'dzikolo, wa anthu ngati 2,500,000. Unamangidwa m'cigwa copapatiza ca Aburrá, pakati pa mapiri a Andes, pa mtunda wa mamita pafupi-fupi 1,500 kucokera pa nyanja yamcere, ndiko kunena kuti uli pamwamba pang'ono koposa Lusaka. Cifukwa ca kukwera kumeneku mphepo yake inali yabwino caka conse, yosatentha ndi yosazizira, ndipo anthu ake ananyadira nayo. Dziko lonse lapansi linaudziwa mzindawu ndi mbiri ina yoipa, ya Pablo Escobar ndi malonda a mankhwala ozunguza mutu. M'caka ca 1991 anthu zikwi zingapo anaphedwa m'menemo. Escobar anaomberedwa mu December 1993, ndipo kuyambira pamenepo mzinda unayamba kudzikonza. Sitima ya m'tauni inayamba kuyenda mu 1995, ndipo mu 2004 anatsegula zikuku zoyenda pa cingwe m'mwamba, zonyamula anthu osauka okhala m'mapiri kutsikira nao ku nchito.

Koma mzinda pokula unadya mitengo yake. Magalimoto ndi njinga zamoto zinaculuka, ndipo popeza cigwa cili ngati mbale, utsi ndi kutentha zinasowa potulukira. Citsanzo coipitsitsa cinali mseu wochedwa Avenida Oriental. Mseu uwu unadulidwa pakati peni-peni pa mzinda m'zaka za m'ma 1970, ndipo nyumba zambiri zakale zinagwetsedwa kuti magalimoto apite mothamanga. Pambuyo pake, pofuna kuletsa anthu kudumpha mseu pali ponse, akulu a mzinda anaika pa kacilumba ka pakati pake milu yosongoka ya simenti yokongoletsedwa ndi timapale tamitundu-mitundu. Ena anati ndi zokongola, ena anaseka. Cimene onse anabvomerezana ndi cakuti milu imeneyi inalibe mthunzi.

M'caka ca 2016, pamene Federico Gutiérrez anali mkulu wa mzinda, anayamba nchito imene anaicha Corredores Verdes, tanthauzo lake njira zobiriwira. Anasankha njira 30: miseu 18 ndi magombe a timitsinje 12 totsika m'mapiri. Sanasankhe miseu ya anthu olemera imene inali ndi mitengo kale. Anayang'ana miseu ya piringu-piringu, ya utsi wambiri, kumene anthu oyenda pansi ndi ogulitsa malonda ao m'mbali apsa ndi dzuwa tsiku lonse. Pa Avenida Oriental milu ija inacotsedwa, simenti inaphwanyidwa pa mtunda woposa makilomita 2, ndipo anathiramo dothi la nchito.

Mabzalidwe ao ndi oyenera kuwamvetsa bwino, cifukwa ndipo pagona nkhani. Makhonsolo ambiri akafuna kukongoletsa mseu akumba timaenje m'simenti, kamodzi apa kena uko, ndi kuikamo kamtengo kokha-kokha monga msilikali wolondera. Kamtengo kotere kakhala ndi mizu yopanikizika, madzi a mvula akapitirira, ndipo kakapanda kufa kakula monyentchera. Ku Medellín anatsanzira nkhalango. Pamwamba anaika mitengo yaitali ndi migwalangwa ya kwao, pansi pake mitengo yaifupi, pansi pa iyo zitsamba, ndipo pansi peni-peni zomera zoyanga zophimba nthaka kuti isaume. M'zaka zitatu zoyamba anabzala mitengo yoposa 8,000 ndi zitsamba mazana a zikwi. Ngakhale nsanamira za simenti zonyamula njanje ya sitima anaziveka zomera zokwera.

Cinanso ndi cakuti njirazi anazilumikiza. Munda wa maluwa wokhala pa wokha pakati pa mzinda uziziritsa okhawo amene ali ndi nthawi yokakhala m'menemo. Koma mseu wa mthunzi wokumana ndi mseu wina wa mthunzi, umenenso ukumana ndi gombe la mtsinje lokwera kufika ku phiri, uperekeza munthu kucokera pa khomo pake kufikira ku nchito. Uperekezanso zamoyo zina. Mbalame ndi agulugufe zimene zinathawa pakati pa mzinda zinayamba kuonekanso, pakuti tsopano zinapeza podzera.

Akulu a mzinda ananena kuti m'zaka zitatu kutentha kunatsika ndi madigiri 2 a Celsius, ndipo m'malo ena koposa pamenepo. Ciwerengero ici cafalikira dziko lonse, ndipo mu 2019 mzindawu unalandira mphotho ya Ashden ku London cifukwa ca nchito imeneyi. Womvera wocenjera acilandire ndi nzeru. Mthunzi wa pa Avenida Oriental suziziritsa nyumba ya malata imene ili pamwamba pa phiri makilomita angapo kutali, ndipo kumapiriko nyumba za osauka nzothinana kotero kuti pobzala mtengo mposowa. Komabe kwa mai wogulitsa zipatso m'mbali mwa mseu kuyambira m'mawa kufikira madzulo, madigiri 2 pamodzi ndi mthunzi pa mutu pake si kanthu kakang'ono iai.

Mtengo wa nchito yonseyi unali madola a ku America oposa 16 miliyoni. Ndalamazi zimveka zambiri, koma mzinda uli wonse umene unamangapo ulalo wa magalimoto wodumpha mseu unzake udziwa kuti ndalama zotere sizicedwa kutha pa simenti ndi zitsulo.

Gawo limene anthu ambiri aliiwala posimba nkhani iyi ndilo la anthu amene anagwira khasu. Ku Medellín kuli munda waukulu wa zomera wochedwa Jardín Botánico Joaquín Antonio Uribe. Mzinda unapempha akatswiri a m'mundamo kuti aphunzitse anthu 75 ocokera m'mabanja osauka, ena mwa iwo othawa nkhondo ya kumidzi, kuti akhale alimi a mzinda olandira malipiro. Anawaphunzitsa kudziwa dothi, kusankha mbeu yoyenera malo, kudulira nthambi, kuzindikira matenda a zomera. Anthuwa ndiwo anakhala m'miseu tsiku ndi tsiku, kuthirira, kupalira, kutola zinyalala ndi kubwezera comera cimene cafa. Akale anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mtengo wa mu mseu ufuna kuongoledwa koposa wa m'chire, pakuti adani ake ndi ambiri: utsi, galimoto yophonya njira, munthu wothyola nthambi, wokumba ngalande wodula mizu.

Kubzala mtengo ndi nchito ya tsiku limodzi, ndipo akulu-akulu aikonda cifukwa ojambula zithunzi abwera. Kuthirira kulibe wojambula. Medellín yemwe analawa zimenezi. Utsogoleri wa mzinda utasintha m'caka ca 2020, panabuka mkangano wa amene ayenera kupatsidwa nchito yosamalira malo obiriwira, ndipo anthu anadandaula m'manyuzipepala kuti udzu walowerera ndi minda ina yasanduka thengo. Walira mvula walira matope. Mzinda wofuna mthunzi ubvomerenso masamba ogwa otseka ngalande, mizu yotukula njira ya oyenda pansi, nthambi zofika pa nthambo za magetsi, ndi malipiro a caka ndi caka a anthu okonza zonsezi. Ku Medellín kusamalira njirazi kudya madola mazana angapo a zikwi pa caka.

Omvera a ku Lusaka nkhani iyi siwacitikira yacilendo kweni-kweni, pakuti mzinda wao unabadwa ndi maganizo ofanana. Pamene boma la atsamunda linaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, linaitana Professor Stanley Adshead, amene mu 1931 analemba mapulani a mzinda wa minda ndi miseu yotakata ya mitengo, ndipo Lusaka inakhala likulu mu 1935. Mitengo inabzalidwadi, ndipo ina ikali ciimire m'miseu ya ku Ridgeway ndi pakati pa Cairo Road. Koma mthunziwo unatsata nyumba za Azungu ndi maofesi a boma. Makomboni kumene anchito anakhala sanawerengedwe, ndipo kufikira lero munthu angathe kuzindikira mbali ya olemera ndi mbali ya osauka poyang'ana kubiriwira kokha. Apa ndi pamene Medellín anasiyana: anayambira kumene anthu oyenda pansi aculuka.

Pali kusiyana kwina kumene wotsanzira ayenera kukuwerengera. Medellín ulandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pa caka, yogwa nyengo ziwiri, ndipo palibe mwezi wouma kotheratu. Lusaka ilandira ngati theka lake, pafupi-fupi yonse pakati pa November ndi March. Cotero zomera zoyanga za masamba akulu zimene zikondwa ku Colombia sizingapirire September wa kuno popanda mpopi. Mtundu wa mtengo nawonso ufuna kuganizira. Jakaranda, amene kwao ndi ku South America komweko, akongoletsa miseu ndi maluwa ake obiriwira mofiirira, koma maluwawo abwera mtengo utayoyola masamba, nthawi yomwe dzuwa liyamba kuwawa, ndipo mthunzi wake pamenepo ndi wa mabanga-mabanga. Msikidzi ndi mbawa, mitengo ya m'dziko lino, zisunga masamba ao m'cilimwe. Mkuyu uli ndi mthunzi wa mfumu, koma mizu yake ifuna malo otakata kutali ndi mipope ndi maziko a nyumba.

Mbande yobzalidwa mu December iona mvula miyezi itatu kapena inai, ndipo pambuyo pake iyenera kuoloka miyezi isanu ndi iwiri yopanda dontho, pakati pa pfumbi, mbuzi ndi moto wa zinyalala. Kuti ifike pa msinkhu wodziimira yokha ifuna kuoloka cilimwe cotere kawiri kapena katatu, ili ndi mpanda wouchinga ndi munthu wodziwika dzina wobwera ndi madzi sabata ndi sabata.