ZA MABUKU A CHIPEMBEDZO NDI ZIZINDIKIRO ZAO

Pa tsiku lino la Jubili tapemphedwa ife aphunzitsi a m'midzi kuti tinene mau pang'ono za mabuku amene analera mpingo wa kuno ku nyanja, ndi kuyankha funso limene ana a sukulu atifunsa kawirikawiri, lakuti, Kodi buku la chipembedzo tilizindikira ndi chiani?

Tiyambe ndi kukumbukira. M'chaka cha 1875 ngalawa ya Ilala inafika ku Cape Maclear, ndipo Dotolo Robert Laws ndi anzache anayamba nchito pamenepo, nabatiza Albert Namalambe m'chaka cha 1881. Masiku amenewo makolo athu analibe Mau a Mulungu m'chinenero chao. Chotero Dotolo anatembenuza Chipangano Chatsopano, chimene chinasindikizidwa mu 1886. Pambuyo pache Archdeacon William Percival Johnson, amene anayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka zambiri, anatsiriza Baibulo yense m'Chinyanja cha ku Likoma mu 1912. Mu 1922 linaturuka Buku Lopatulika, nchito ya William Murray ndi anzache pamodzi ndi aphunzitsi a dziko lino. Akatolika analandira Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 mipingo inaturutsa pamodzi Buku Loyera.

Za amenewa palibe wokayika. Koma mabuku achuruka masiku ano, ndipo ena ayesa kuti buku likhala la chipembedzo chifukwa wolilemba ndi wansembe. Iai. Yohanna Abdallah anali wansembe ku Unangu, nalemba Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa mu 1919. Ndilo buku lokoma la mbiri ya mafumu ndi maulendo a Ayao, koma palibe alitenga popemphera. John Bunyan anali wokonza miphika ya chitsulo ku England, namangidwa m'ndende ya Bedford chifukwa cha kulalikira. Koma buku lache la Ulendo wa Mkristu, la chaka cha 1678, lingakhale liyenda ngati nthano, latembenuza mitima m'mitundu yambiri. Momwemonso Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo mu 1933, mbiri ya munthu wa pamudzi wochita zoipa amene analapa. Ndipo owerenga ambiri anadziona okha m'menemo.

Enanso ayesa kuti dzina la Mulungu pa chikuto ndilo chizindikiro. Chenjerani, abale, pakuti pa misika pali timabuku todzala ndi dzina limenelo, tolonjeza chuma ndi kugwa kwa adani ako; koma za kulapa ndi kukhululukira mnzako sitinena kanthu.

Tsono zizindikiro zoona, monga tiziona ife, ndi zitatu. Choyamba, buku lotere liloza kwa Mulungu, siliturutsa ulemu wa wolilemba. Chachiwiri, lifuna kanthu kwa iwe: buku la masamu ungalitsirize ndi kukhala munthu yemwe uja, koma ili likufunsa za ngongole imene sunabweze ndi za mbale wako amene simulankhulana. Chachitatu, anthu akhala nalo pamodzi, naliwerenga pa ubatizo, pa ukwati ndi pa maliro, kufikira mau ache akhazikika ngakhale mwa agogo osadziwa kuwerenga.

Komatu mabuku a chipembedzo sali olingana onse. Nonse mudziwa kuti Shire aturuka m'nyanja yathuyi pafupi ndi Mangochi, ndipo alibe madzi pano koma amene nyanja impatsa. Baibulo ndiyo nyanja. Katekisimu, buku la mapemphero ndi buku la nyimbo ndiwo mtsinje. Buku liri lonse la chiphunzitso tiliyese pa Malembo, tione ngati madzi ache achokera komweko.

Anansi athu Asilamu, amene tikoka nao khoka limodzi ndi kulira nao maliro, ali nalo buku lao la Kurani. Chikhulupiriro chathu chisiyana ndi chao, koma taonani changu chao: ana ao aloweza mau a Chiarabu ku madarasa tsiku ndi tsiku, ndipo akulu asamba asanaligwire. Nanga ife amene tapatsidwa Mau m'chinenero cha amai athu, tidzawiringula chiani?

Pakuti m'nyumba zambiri za Akristu Baibulo igona m'bokosi, chiswe chiri kuidya. Ndipo ena aiika kumutu pogona, naiyesa chithumwa chopitikitsa afiti. Ukonde wopachikidwa pa mtengo sugwira chambo. Buku losatsegulidwa, lingakhale lopatulika, silichiritsa mtima wa mwini wache.

Chifukwa chache tikupemphani inu akatekisti, pobwerera ku midzi yanu, muwerenge Mau mokweza ndi mosafulumira, muwamasulire kwa Ayao m'Chiyao, ndi kuphunzitsa ana kupeza mutu ndi ndime okha. Inu akulu a mabanja, turutsani buku m'bokosi madzulo ano, lingakhale lang'ambika masamba, muwerengere ana anu. Mulungu amene anatisunga kufikira Jubili iyi atithangate ife tonse. Amen.