Peni Yobisa Golide

Lero ndabwera ndi nkhani ya peni. Eee, peni yolembera. Musazimitse wailesi, khalani pomwepo!

Achinyamata inu mumangodziwa bolopeni. Koma kafunseni agogo amene anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902. Akuuzani kuti anayambira pa sileti, kenako anafika pa nibu yoviika mu inki. Ndipo panali peni ina yapamwamba, yosunga inki m'mimba mwake. Munthu akaikoleka pa thumba la malaya, mudzi wonse unkadziwa kuti uyu ndi mphunzitsi kapena kalaliki.

Mwa mapeni amenewa ilipo imodzi yotchedwa Lamy 2000. Inatuluka ku Heidelberg, m'dziko la Germany, mu 1966, chaka chomwe Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti. Amene anakonza maonekedwe ake ndi Gerd Müller. Mpaka lero akuipangabe, ndipo maonekedwe ake akadali omwe aja.

Mukaiona simungaicheukire kawiri. Ndi yakuda, yosanyezimira, yopanda maluwa. Anaipanga ndi pulasitiki yolimba ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Tsono ndimveni bwino apa. Nibu yake ndi ya golide! Koma golideyo anamukuta ndi chitsulo choyera, ndipo mbali yaikulu ya nibuyo anaibisa m'kati, kangotuluka ndi kansonga kokha. Bwanji anaika golide pamene anthu samuona? Chifukwa golide sadyedwa ndi inki. Anamuika kuti agwire ntchito.

Chilichonse pa peni imeneyi chili ndi ntchito yake. Pa nibu pali kamng'alu kopyapyala. Inki imayenda m'menemo monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, ndipo ikamatuluka, mpweya umalowa kukatenga malo ake. Mukapotokola kumatako kwake imayamwa inki m'botolo, ikatha mumathiranso, simutaya peni. Pambali pali kawindo kakang'ono koonera ngati inki yatsala. Chivindikiro chimateteza nibu kuti isaume. Kokolekera kali ndi sipuling'i kuti kagwire thumba bwino. Basi. Chopanda ntchito sanachiikepo.

Sindikuti mukaigule, ayi, ndi yodula. Nzeru yomweyi ili pa bolopeni ya Bic imene mwana wanu wapita nayo kusukulu lero. Inatuluka mu 1950. Ili ndi mbali zisanu ndi imodzi kuti isagubuduke pa desiki, ndipo imaonekera m'kati kuti muone inki isanakuthereni pa mayeso.

Koma ife, abale anga, timakonda chonyezimira. Mukuwadziwa abambo aja okoleka mapeni atatu pa jekete? Mukawapempha kuti asaine kalata, mupeza iwiri ndi zivindikiro zokha, yachitatu inauma chaka chatha. Mukuseka? Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Iwe mnyamata uli ku Joni, ukutumiza ndalama zomangira nyumba kumudzi kuno. Wagona ndi njala kuti ndalamazo zipezeke. Khonde lamangidwa la zipilala zinayi, penti yonyezimira, geti lalitali. Nanga maziko analowa simenti yokwanira? Chimbudzi chilipo? Mvula ya mu Januwale ikabwera, amayi ako adzagona pouma? Ika golide wako pa maziko, pamene odutsa mumsewu sadzamuona.

Inu akalipentala a pa Embangweni, mpando wanu vanishi ndi wokongola, koma polumikiza matabwa mwangomenya misomali iwiri. Inu atelala, yunifolomu ya mwana wasukulu ikufuna msoko wolimba woti upirire kuchapa chaka chonse. Inu makolo okonza ukwati, galimoto khumi zokongoletsedwa, keke yosanjikiza, pamene mawa lake ana anu alowa m'banja ndi ngongole ya katapila. Kodi ndikunama? Ngati mwakhala ndi mnzanu pafupi ndi wailesi, mugwedezeni, mumufunse kuti, golide wako waika pati?

Nayi ntchito ya sabata ino. Tengani pepala ndi peni iliyonse imene ikulemba. Lembani zonse zimene mukufuna kugula mukagulitsa fodya kapena soya, ngakhale ndalama za ku Joni zikafika. Pa chinthu chilichonse dzifunseni kuti, ntchito yake ndi yotani m'nyumba muno? Mukaona kuti yankho lake ndi lakuti anthu andione, dulani mzere pamenepo. Ndalama imeneyo ipite ku fizi ya mwana, ku malata, ku feteleza.

Nthawi yathu yatha. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Mulungu akudalitseni nonse. Amen.