Kumasulira ndi Kulumikiza Pulogalamu ya Kompyuta

Lero tiphunzira nchito ziwiri zimene zimacitika pulogalamu isanayambe kuyenda mu kompyuta.

Kompyuta imamva manambala awiri okha, 0 ndi 1. Cotero zimene timalemba m'cinenero ca C, cimene Dennis Ritchie anakonza mu 1972, ziyenera kumasuliridwa. Nchito yoyamba ndiyo imeneyi. Imagwiridwa ndi pulogalamu yochedwa compiler, imene imamasulira fayilo iliyonse payokha.

Tiyerekeze kuti mwana wa ku Nyimba walemba gawo lowerengera ndalama za nthoci, nalicha dzina lakuti mtengo. Mnzake wa ku Petauke walemba gawo lofunsa kuculuka kwa nthoci zogulidwa, ndipo gawolo limaitana mtengo kuti liwerengere. Pomasulira fayilo ya ku Petauke, compiler siiona fayilo ya ku Nyimba. Malinga ngati yauzidwa kuti dzinalo lilipo kwina, imangosiya mpata pamalopo.

Nchito yaciwiri ndiyo kulumikiza, ndipo imagwiridwa ndi linker. Linker imatenga mafayilo awiri omasuliridwa aja, pamodzi ndi zigawo zokonzedwa kale monga printf, cimene cimalemba mau pa sikirini. Pa mpata uliwonse imaikapo malo enieni pamene gawo loitanidwalo lili. Pamenepo mpamene pamatuluka pulogalamu imodzi yoti iyende. Compiler ili ngati woumba njerwa, linker ngati mmisiri wozimanga kukhala nyumba.

Nanga kudziwa zimenezi kukuthandizani bwanji? Pa sukulu pamene ana ambiri amasinthana kompyuta imodzi, nthawi ya mwana aliyense ndi yocepa, ndipo siyenera kuthera pa kufunafuna colakwa pamalo pamene palibe. Mukaiwala cizindikiro ca ; pamapeto pa lamulo, compiler idzadandaula ndi kuchula mzere wake, konzani pomwepo. Koma mukaona mau akuti undefined reference, wodandaula ndi linker. Funsani: kodi fayilo ya mnzanga ndaiphatikiza? Kodi dzina ndi limodzimodzi m'mafayilo onse? M'cinenero ca C, mtengo ndi Mtengo ndi maina awiri osiyana.

Aphunzitsi, yesani izi ngakhale popanda kompyuta. Ana awiri alembe zigawozo pa mapepala, wacitatu akhale linker ndi kulondola dzina lililonse kufikira atalipeza.