Chenjezo Likafika, Tinyamuke ndi Ofooka Athu

Chidule cha khutba ya Lachisanu

Tikumutamanda Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) amene amalamula mphepo ndi madzi, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, lero tilankhula za mzinda wakutali wa New Orleans, m'dziko la America, chifukwa zomwe zidaugwera zili ndi phunziro kwa ife okhala m'mphepete mwa nyanja.

Mzindawu udamangidwa pakati pa mtsinje wa Mississippi ndi nyanja ya Pontchartrain, ndipo malo ake ambiri ndi otsika kuposa madzi a nyanja yamchere. Uli ngati mbale yoyandama pamadzi, ndipo chomwe chimauteteza ndi makoma otchinga madzi ndi makina opopa. Pa 28 Ogasiti 2005, namondwe wotchedwa Katrina akuyandikira, meya wa mzindawo, a Ray Nagin, adalamula kuti anthu onse atuluke. Tsiku lotsatira namondwe adafika, makoma aja adagumuka, ndipo magawo 80 mwa magawo 100 a mzindawo adamira. Anthu oposa 1,300 adamwalira m'madera onse amene namondweyo adadutsa.

Ambiri adamvera chenjezo napulumuka. Nanga otsalawo adatsaliranji? Ena adatsala chifukwa m'chaka cha 2004 adathawapo namondwe wina, Ivan, navutika maola ambiri m'misewu yodzadza ndi magalimoto, koma namondweyo adakhotera kwina. Iwowa adati ulendo unonso zikhala momwemo. Ena adaopa kusiya nyumba, katundu ndi ziweto. Akuluakulu athu adati pakadafunda padajiwitsa galu.

Koma tisawaweruze onse kuti adali osamva. Pafupifupi banja limodzi mwa mabanja anayi mumzindawo lidalibe galimoto. Kudali kumapeto kwa mwezi, matumba ali mbee. Lamulo lidaperekedwa kutangotsala tsiku limodzi, ndipo mabasi ambiri asukulu, amene akadanyamula anthu, adamira ali chiimikire. M'chigawo cha Louisiana, pafupifupi theka la omwalira adali a zaka 75 kapena kuposa. Madziwo adapeza nkhalamba, odwala ndi osauka, anthu amene adamva chenjezo koma adalibe wowanyamula.

Mzindawo udaphunzirapo. M'chaka cha 2008, namondwe Gustav akubwera, akuluakulu adakonzeratu mabasi ndi sitima zapamtunda, nasamutsa anthu zikwizikwi opanda magalimoto mphepo isadayambe.

Abale olemekezeka, izi si zakutali monga tingaganizire. M'chaka cha 2019 namondwe Idai adasakaza mzinda wa Beira ku Mozambique, ndipo mvula yake idavutitsa chigawo chakummwera m'dziko muno. M'chaka cha 2023 namondwe Freddy adapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena. M'chaka cha 2024 nyanja yathuyi idadzadza mpaka kulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi, ndipo mtsinje wa Dwangwa udasefukira ku Nkhotakota.

Timamva ena akunena kuti tsiku la imfa lidalembedwa kale, choncho kuthawa n'kuchepa kwa imaani. Zoonadi palibe amene angachedwetse nthawi yake, koma kumvetsa kotere kwa tawakkul n'kolakwika. Mneneri Nuh (AS) adakhoma chombo mvula isadagwe, anthu akumuseka. Mtumiki (SAW) adamulangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamila yake, kenako ayedzamire mwa Allah. Ndipo Khalifa Umar (RA), ali paulendo wa ku Shaam, atamva kuti kwagwa mliri adabwerera ndi gulu lake. Abu Ubaidah (RA) atamufunsa ngati sakuthawa chikonzero cha Allah, iye adafotokoza kuti kubwererako nakonso kudali m'chikonzero cha Allah. Msodzi wanzeru akaona mwera wayamba amakokera bwato kumtunda, ndipo palibe amene amamutcha wopanda chikhulupiriro. Moyo ndi amaana imene tidzafunsidwa nayo pa tsiku la Qiyaama.

Choncho tikulangizana izi. Choyamba, tizimvera machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi, ndipo ma imaamu aziwalengeza m'mizikiti pambuyo pa swala iliyonse. Chachiwiri, tinyamuke kudakali masana, njira zikadadutsika. Chenjezo likapita pachabe tataya tsiku limodzi lokha, koma tikachedwa titaya chimene sichibwerera. Chachitatu, komiti ya mzikiti uliwonse ilembe maina a nkhalamba, olumala, odwala, amayi oyembekezera ndi amasiye, ndipo aliyense akhale ndi mnyamata womuyang'anira. Eni mabwato, ngolo ndi njinga zamoto adziwiretu amene adzamunyamule. Chachinayi, tigwirizane ndi mafumu athu za malo okwera othawirako, ndipo mizikiti ndi madrasa zomwe zili pamtunda zitsekulidwe kwa aliyense, Msilamu ndi yemwe si Msilamu. Pomaliza, ziphaso, mabuku akuchipatala ndi mankhwala tizisunga m'pepala lapulasitiki pamalo osavuta kutenga.

Makoka, chilimira ndi usipa wa pathandala tingazipezenso. Koma tidzayankha chiyani pamaso pa Allah ngati tidathawa tokha, gogo wa nyumba yoyandikana nayo n'kutsala m'madzi?

Tikumupempha Allah kuti atiteteze ku zoipa za mphepo ndi madzi, awachitire chisoni amene adatisiya, atipatse makutu akumva chenjezo ndi mitima yokumbukira ofooka. Aameen.